Chithunzi Chopita kwa Asiyatu

Lolemba, m'mawa

Kalata ya Asiyatu ili m'thumba la malaya sabata yachitatu tsopano. Yafewa ngati nsalu yochapachapa. Ndaiwerenganso huta ya pamgodi isanalire, ngakhale ndikuidziwa pamtima.

Mwana wanga ameneyu ndinamusiya ku Balaka ali kumsana, dziko likadali Nyasalande. Ndinati ndikukasoka zaka ziwiri ku Bindura, ndigule makina angaanga, ndibwerere. Makina ndinagula. Zaka zakwana khumi ndi zinayi. Lero akulemba yekha, ndi dzanja lokongola kuposa langa:

"Ababa, tumizani chithunzi chanu. Anzanga kusukulu amati ndilibe bambo, ena amati ndinu mtchona. Amayi akuti mpata umene ndili nawo pakati pa mano akutsogolo ndinatengera inu. Ndikufuna ndiuone. Pojambulitsapo museke."

Mtchona! Mawu amenewa akundilasa chifukwa ndi oona.

Che Bwanali, a khomo loyandikana ndi langa, amaliza ntchito yawo ya pansi pa mgodi ndipo akubwerera kumudzi Lamulungu likudzali. Mudzi wawo ndi wathu walekana ndi kamtsinje chabe. Akapereka chithunzi pamanja, n'kuwonjezera mawu: "Ndamuona ndi maso angawa, ali bwino." Wojambula, Tichaona, amabwera pakomboni Lachitatu lokha, pa njinga, zithunzi n'kubweretsa Loweruka. Zonse zikukwanirana ngati kolala pakhosi.

Zochita:
- kumeta ndevu (amake Asiyatu amandidziwa wopanda ndevu, asadzati ndinalemba ganyu munthu wina)
- kumaliza jekete yanga, imene ndinayamba chaka chatha
- kubwereka tayi
- kuphunzira kuseka pagalasi

Telala amaveka anthu onse, iye n'kumayenda ndi chigamba. Sabata ino ndikudzisokera ndekha.

Lolemba, madzulo

Ndameta. Ndevu za zaka zisanu ndi zinayi zagwa pansi ngati ubweya wa mbuzi. Ndayang'ana pagalasi. Kumanja kuli ine. Kumanzere kuli munthu wina amene wabisa ndimu m'tsaya!

Chotupa. Chili pansi pa tsaya, pa nsagwada penipeni, cholimba ngati bondo. Sichipweteka. Kunena zoona lilime langa lakhala likuchidziwa kuyambira nthawi ya mvula, koma lilime ndi ndevu zinagwirizana kundisungira chinsinsi. Ndayang'ana ndevu zija pansi kawiri konse. Sizibwezeredwa.

Palibe kanthu. Masiku alipo awiri. Chotupa chimaphwa.

Lachiwiri

Ndakhala pakhonde la sitolo ndi makina anga monga mwa masiku onse. Anthu amene sanabweretsepo ngakhale batani lero akudzafunsa za zigamba, maso ali patsaya panga.

Matenda anga, malinga ndi madokotala a pakomboni:
- Mai Rudo, ogulitsa matimati pambali panga: mahumunya, amene kwathu timati matsagwidi
- Che Bwanali: dzino
- mkazi wa foromani: mavu
- bambo wina wa ku mgodi wa Jumbo amene sindimudziwa n'komwe: wandiponyera ndi telala mnzanga wa nsanje

Telala mnzangayo makina ake alibe lamba mwezi wachiwiri uno. Akanakhala ndi mankhwala, akanayamba wachiza makinawo.

Ndachukucha madzi amchere. Ndatenthetsa nsalu pa simbi n'kuthowa. Kenako Mai Rudo abwera ndi mkanda wa zitsononkho za chimanga zotungidwa pa chingwe. "Sekuru, pfekai, mangwana zvinenge zvapera." Akuti ine agogo ndivale, mawa chikhala chitatha. Kuno mwana akadwala matsagwidi amamuveka zitsononkho m'khosi. Mwana! Ine ndili ndi imvi. Ndakana mwaulemu. Ndawerenganso kalata. Ndavala.

Tsiku lonse ndikusoka maovolosi a anthu a pamgodi, zitsononkho zisanu zikugogoda pachifuwa pedulo ikamayenda. Kho, kho, kho. Nkhuku za Mai Rudo zandiperekeza mpaka ku mpopi.

Dzuwa lisanalowe ndasindikiza chotupa ndi chala. Chikulira pang'ono, ngati chigoba cha dzira chikamafuna kusweka. Ndachotsa chala msanga. Izi sindiuza munthu.

Jekete yatha, kwangotsala mabatani. Tayi ndapeza kwa aphunzitsi, yofiira. Kuseka pagalasi sindinayese.

Lachitatu

Sichinaphwe. Ndayeza ndi tepi kuchokera pachibwano mpaka kukhutu. Kumanzere kwaposa kumanja ndi inchesi yathunthu. Tepi yanga siinanamepo, ngakhale kwa azimayi amene amaipempha kuti iname.

Zitsononkho ndapatsa nkhuku.

Tichaona wafika, wapachika pampanda chinsalu chake chojambulidwa ndege. Mzere wautali. Ine ndi jekete, tayi, mafuta kumutu. Nthawi yanga yakwana.

Kuyesa koyamba: cham'mbali, tsaya labwino kutsogolo. Tichaona akuti zili bwino zedi. Koma mwana akufuna mpata wa mano, ndipo cham'mbali mpata suoneka. Ndakana.

Kuyesa kwachiwiri: kutsogolo, dzanja patsaya, ngati kalaliki woganiza zakuya. Mayi wina pamzere wafuula, "Maiwe, vafirwa nani?" kufunsa kuti ndafedwa ndani. Che Bwanali nawo: "Chotsani dzanjalo, achimwene. Kumudzi akaona mwagwira tsaya aziti kuno mukudya masamba a mitengo." Akunena zoona. Amayi ankatimenya dzanja tikagwira tsaya, ankati tikuitana maliro. Chithunzi chotere chingaliritse mudzi wonse.

Kuyesa kwachitatu: nzeru za utelala. Munthu akakhala ndi phewa limodzi lotsika, timaika thonje kuti mapewa afanane. Ndapinda kansalu kotsala, ndakaika m'tsaya lakumanja. Masaya afanana! Tichaona walowetsa mutu m'nsalu yake yakuda. Nsaluyo yayamba kugwedezeka. Mawu akutuluka m'katimo movutikira: "Sekai, sekuru." Ndaseka. Kansalu kobiriwira kasuzumira pakona pa mlomo.

Mzere wonse pansi. Mpaka mkazi wa foromani wakhala pa dothi, akupukuta misozi ndi duku.

Ndanyamuka, ndavula tayi, ndayamba ulendo. Tichaona wandithamangira, kuseka kwatha. Akuti ndipite kuchipatala, chimenechi si chinthu chosewera nacho. Ndamuuza kuti ajambule ndege yakeyo. Masana wamanga katundu panjinga, wapita. Abweranso Lachitatu linalo, Che Bwanali atafika kale kumudzi.

Ndili ndi chisoni, sindikubisa. Mwana sanapemphe nsapato, sanapemphe diresi. Wapempha nkhope yokha, chinthu chimene aliyense amayenda nacho, ndipo ine chikundikanika.

Lachinayi

Ndapita kuchipatala cha m'tauni, osati chifukwa Tichaona wanena. Ndapita ndekha.

A Phiri, odala wothandizira dokotala kumeneko, ndi a kwathu, ndipo mayunifomu awo ndimapinda ndine. Andilowetsa kwa dokotala, mzungu wamtali wa ubweya m'makutu. Wasindikiza tsaya. Wamva kulira kwa dzira kuja, wakweza nsidze. Wandiyasamitsa, wagogoda mano limodzilimodzi ndi kachitsulo, waima pa dzino lina lapansi, lakuda. Kudzera mwa a Phiri wafunsa kuti linasweka liti.

Linasweka kalekale. Singano inakanirira mu ovolosi yolimba ngati chikumba, ndinaikoka ndi mano. Singano inatuluka, dzino linabenthuka. Linapweteka sabata imodzi n'kusiya lokha. Ndinaliyamikira kuti ndi dzino laulemu.

Dokotala akuti dzino losiya kupweteka lokha nthawi zina limakhala lafa. Akuti poyang'ana kunja sanganene kuti m'katimo muli chiyani. Kenako wandiyang'ana ine mwini, walankhula Chilapalapa chake cha pamgodi: "Buya kusasa. Mina funa lo pikicha ka lo skop ka wena."

Bwera mawa. Ndikufuna pikicha ya mutu wako.

Pikicha!

Pakhomo ndawagwira a Phiri mkono. Ituluka liti? "Mudzaiona Loweruka." Yaikulu bwanji? Aonetsa ndi manja, ngati thireyi ya tiyi. Makina ake? "Odzaza chipinda." Athamangira wodwala wina.

Alhamdulillah. Ndabwerera kukomboni mapazi osagunda pansi. Taonani: Tichaona ali ndi kabokosi ka panjinga, uyu ali ndi makina odzaza chipinda. Tichaona chotupa chinamuseketsa, uyu ndi dokotala, zotupa ndi ntchito yake, adziwa pochibisa. Loweruka chithunzi m'manja, Lamulungu pa basi.

Ndawauza Che Bwanali. Iwo akuti: "Mwafunsa kuti ndi pikicha yotani?"

Ndawayankha bwinobwino. Inu a pansi pa mgodi amakuunikani pachifuwa chaka ndi chaka ngati mazira a pamsika, zimenezo ndimazimva. Ine sananene zounika. Anena pikicha, ndipo ya mutu. Chifuwa ndi mutu n'zosiyana.

Ayang'ana kudenga. Atsokomola. Alowa m'nyumba, atuluka ndi chipewa chawo cha nthenga, akuti ndibwereke.

Za mawa:
- kusita jekete kachiwiri
- tayi (aphunzitsi ayamba kufunsa)
- chipewa cha nthenga
- kutsuka mano ndi mswachi watsopano, makamaka awiri akutsogolo
- polishi

Lachisanu

Ndanyamuka fumbi la pamgodi lisanadzuke. Nsapato ndanyamula m'manja mpaka pa geti la chipatala, ndavalira pomwepo. Mlonda wandichitira sawatcha. Chizindikiro chabwino.

Chipinda chojambulira chilibe chinsalu cha ndege. Chilibe duwa, chilibe mpando wa mikono. Muli sisita wamfupi wosaseka ndi chimakina chotuwa cholendewera kudenga.

"Bvisai heti." Ndavula chipewa.

"Bhachi." Ndavula jekete. Chaka chathunthu ndikuisoka!

"Netayi."

Zonse zapachikidwa pamsomali kuseri kwa chitseko. Ndayesa kufotokoza kuti chithunzichi chikupita kwa mwana ku Malawi. Wagwedeza mutu ngati wamva, wandikhazika cham'mbali, wagunditsa tsaya lotupa pa chimbale chozizira. Cham'mbali! Zomwe ndinakana kwa Tichaona. Akuti ndisagwedezeke, ndisapume. Kenako iye wathawira kuseri kwa khoma. Wojambula wothawa makina ake omwe sindinamuonepo.

Ndaona mwayi. Atangobisala, ndatembenuka, ndayang'anana ndi makina maso ndi maso, ndakweza chibwano, ndaseka kuseka konse kumene ndili nako. Mano onse panja. Asiyatu, ndi amenewa! Makina ang'ung'udza.

"Sekuru kani!"

Watuluka kuseri kuja manja ali m'chiuno. Zimene wanena sindilemba, zina sindinazimve. Wasintha chimbale, wandipotoza khosi, waika timatumba ta mchenga uku ndi uku kuti mutu usayende. Kachiwiri ndamvera.

Choncho zithunzi zilipo ziwiri, chakutsogolo ndi cham'mbali. Ndidzasankha.

Masana ku mzikiti jekete yayamikiridwa. Mmodzi wafunsa ngati ndikukwatira, wina ngati ndikupita kukhoti. Za tsaya palibe wanena, Lachisanu anthu amakhala ndi chifundo.

Chikundidetsa nkhawa ndi chimodzi. Jekete inali pamsomali. Kaya makina akuluakulu amatenga ndi za pamsomali zomwe, n'kudzazilumikiza pochapa. Ndawafunsa Che Bwanali. Akuti, "Mawa si kutali."

Loweruka

A Phiri atulutsa chinthu m'chienivulopu chachikulu. Si pepala. Ndi chakuda, choterera, chimalira chikagwedezeka. Achipanikiza pa bokosi la nyale.

Chigaza.

Chigaza cha munthu wakufa! Maso maenje, mphuno dzenje, mano mbee. Ndaimirira. Ndafunsa kuti malemuwa ndi ndani ndipo akundionetseranji. A Phiri akuti, "Khalani pansi, achimwene. Ndinuyo."

Ndakhala.

Jekete palibe. Tayi palibe. Masharubu, tindevu ta pamlomo timene ndinasiya dala, palibe. Ngakhale khungu palibe. Makina odzaza chipinda, osatha kugwira ngakhale khutu limodzi!

Dokotala waika cham'mbali chija, akuloza ndi pensulo, a Phiri akumasulira. Fupa pachithunzi limaoneka loyera. Koma pansi pa dzino langa laulemu pali chinthu chakuda, chozungulira, kukula ngati dzira la nkhuku. Akuti ndi thumba la madzi. Dzino litafa, kumuzu kwake kunayamba kathumba, kakhala kakukula mwakachetechete zaka zonsezi, kukankha fupa, kulidya m'kati monga chiswe chimachitira ndi nsanamira. Kunja nsanamira ili chilili. Fupa latsala lopyapyala, n'chifukwa chake limalira ngati chigoba. Akuti ndikanachedwa, tsiku lina nsagwada ikanathyokera pa chimanga chokazinga.

Chikomekome cha mkuyu. Ine ndimavutika ndi kunja.

Ndafunsa funso limene lakhala pakhosi kuyambira Lachiwiri: kodi ndi chija choipa, chosachizika? Dokotala wayendetsa pensulo m'mbali mwa chakudacho. Pali kamzere koyera, kosalala, kozungulira konse osadukiza. A Phiri asowa mawu, kenako akuti, "Ngati mpendero, a telala." Ndayang'anitsitsa. Mpendero ndithu, ndipo wa munthu wodziwa ntchito. Dokotala akuti chinthu chokhala ndi mpendero wotere kawirikawiri chimangokankha, sichiyanga. Choipa chija m'mbali mwake mumakhala monyotsoka ngati nsalu yong'ambidwa ndi manja. Zala za dokotala sizikanatha kusiyanitsa, chithunzi ndiye chasiyanitsa. Komabe akachichotsa akachipimanso kuti atsimikize.

Kwa nthawi yoyamba dokotala ndi ine tamvana popanda womasulira.

Akunditumiza ku chipatala chachikulu ku Halale Lachiwiri. Akachotsa dzino ndi thumba lomwe, fupa lidzadzaza lokha pang'onopang'ono. Cham'mbalicho ndipita nacho, madokotala a kumeneko akuchifuna. Mtima watsika. Ndathokoza Mulungu, ndipo mwakachetechete ndathokozanso Tichaona.

Chakutsogolo chija dokotala wachiyang'ana, waseka, akuti chilibe ntchito, wodwala anatembenuka. A Phiri amati achiponye m'bini. Ndawagwira dzanja.

Pakuti ndachiona. Pakati pa chigaza choopsacho, m'mano akumwamba, awiri akutsogolo aima motalikirana, ndipo pakati pawo pali mpata. Woonekera bwino kuposa pagalasi.

Ndabwera nacho kunyumba m'kati mwa jekete. Che Bwanali achiyang'ana nthawi yaitali. Sananene kuti safunsa anadya phula. Angondithirira tiyi, n'kufunsa chipewa chawo. Akanangonena, bwenzi zili bwino.

Lamulungu

Kalata ndalemba katatu.

Yoyamba inali yaitali, yofotokoza za ndevu, zitsononkho ndi kansalu kobiriwira. Ndang'amba. Mwana asadziwe zonse tsiku limodzi.

Yachiwiri inatha ndi mawu akuti "ndibwera posachedwa." Ndang'ambanso. Mawu amenewo ndawatumiza kwa amake chaka chilichonse, atha ngati bondo la buluku, sagwiranso chigamba. Ndidzawanena ndili pakhomo, kapena osawanena n'komwe.

Yachitatu ndi iyi:

"Asiyatu mwanangu, chithunzi cha nkhope chakanika. Ichi ndi cha m'kati. Usaope. Uchikweze kudzuwa, uyang'ane mano akumwamba, awiri akutsogolo. Ndinaseka monga unanenera. Ine bambo ako."

Chithunzi ndachiika pakati pa makatoni awiri, ndasokerera m'nsalu yoyera kuti chisapindike. Pa siteji ya basi Che Bwanali akuti nditsegule kaye. Akuti akafika ndi chigaza m'mudzi, anthu ayamba kulira iwo asanakhale n'komwe pansi, amake Asiyatu atumiza uthenga wa maliro kwa abale, ndipo mbuzi ifa. Ndasomola ulusi. Ndabwereka cholembera kwa kondakitala, ndalemba pakona, pa kapepala ka dzina, zilembo zikuluzikulu: NDILI MOYO.

Asanabwezere m'nsalu, achikweza kudzuwa, pakati pa anthu ndi mitolo ndi nkhuku. Mayi wina wakoka mwana wake. Iwo ayang'ana chithunzi, ayang'ana ine. "Tasekani." Ndaseka, ndi tsaya langa lomweli.

"Ndinuyo ndithu," akutero. "Mwanayo akakana, ndikamuuza aseke pagalasi."

Basi yapita.

Zotsala:
- kubweza tayi
- kuphimba makina
- kupempha Mai Rudo aziyang'ana khomo

Tichaona abwera Lachitatu ndi ndege yake, ine ndidzakhala ku Halale kukamwa kuli yasa. Ndevu zayamba kumera, zikubaya. Zimere, ntchito yobisa yatha.

Ana a anzanga ali ndi zithunzi za abambo awo atavala masuti, ataima pambali pa ndege. Wanga alandira chigaza. Wadikira zaka khumi ndi zinayi kuti aone nkhope, ndipo nkhopeyo sindinamutumizire. Zikundipweteka kuposa mmene dzino linapwetekera.

Koma suti munthu amabwereka. Mpata uja sabwereka.